Ndalembetsa kuthamanga makilomita 10 othandizira chidikiro cha kwathu, ndiyambire pati?

Nachisale wa ku 25
11 Ogasiti

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumathamanga. Achinyamata a kwathu ku Dowa amene akukhala muno mu Lilongwe akonza zothamanga Loweruka pa 11 Okutobala, kutatsala masiku anayi kuti tifike pa tsiku la anakubala. Zikachitikira kumudzi komweko, pa msewu wafumbi. Pali mtunda wa makilomita 5 ndi wa 10, ndipo ndalama zake zikagula matilesi, maneti ndi nyali za sola za ku chidikiro cha pachipatala chathu chaching'ono. Ine ndalembetsa wa 10.

Ndili ndi zaka 43, ana atatu, ndimaphunzitsa ku pulayimale. Chisiyireni netiboli ndili Fomu 3 sindinathamangeponso. Dzulo m'mawa ndinayesa kuchoka pageti pathu kukafika pa chigayo, mwina mamita 300 okha, koma ndinafika mtima uli pakhosi, ndikupuma wefuwefu, mpaka ndinagwira mpanda.

Chimene chandichititsa ndi mng'ono wanga. Chaka chatha mu Juni anakhala ku chidikiroko masabata atatu, ine ndinakagona naye masiku anayi. Amayi oyembekezera anali ambiri kuposa matilesi. Iye ankayala chitenje chimodzi pa simenti, china n'kufunda, mimba ili apo, kuzizira kwa Juni mukukudziwa. Usiku akafuna kupita kuseri tinkaunikira foni. Mwana anabadwa bwinobwino, pano akuyenda, koma simenti ija sinachoke m'maso mwanga.

Kwatsala masabata osakwana 9. Kodi n'zotheka kwa munthu ngati ine? Ndiyambire pati, ndidye chiyani, nsapato ndichite bwanji? Musandibisire, ngati ndadzitengera katundu wolemera mundiuze.

aPhiri a ku Joni
11 Ogasiti

Achemwali, n'zotheka ndithu. Chimene chinakugwetsani dzulo ndi liwiro, osati zaka. Munthu woyamba kumene amanyamuka ngati akuthamangira minibasi, ndiye mamita 300 mpweya watha. Yambani motere: kuthamanga pang'onopang'ono mphindi imodzi, kuyenda mphindi ziwiri, kubwereza kasanu ndi katatu. Musanayambe yendani kaye mphindi 5 kuti thupi lifunde. Chitani zimenezi katatu pa sabata, ndipo pakati pazikhala tsiku lopuma. Tsiku lopumalo musalione ngati ulesi, ndi pamene minofu imakonzeka.

Muyeso wake ndi pakamwa. Ngati mukuthamanga koma simungathe kuyankhula chiganizo chathunthu kwa mnzanu, mwapitirira liwiro, bwezani. Sabata iliyonse muziwonjezera mphindi zothamanga n'kumachepetsa zoyenda. Pofika sabata yachinayi muzitha mphindi 5 osaima, sabata yachisanu ndi chimodzi muzikwanitsa makilomita 5 kapena 6 mosakaniza. Loweruka lizikhala la mtunda wautali, masiku enawo afupiafupi.

Ine ndinayambira pa parkrun ya ku Delta Park kuno ku Johannesburg, makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, kwaulere. Inayamba ku London mu 2004, kuno inafika mu 2011. Kumabwera agogo a zaka 70, amayi okankha ana pa ngolo, ena amangoyenda mtunda wonse, ndipo palibe amene amawayang'ana modabwa. Anzanga amene amathamanga Comrades, makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, nawonso amayenda akafika pa zitunda, ndipo amachita kukonzeratu poyendera. Ndiye musamve manyazi ndi kuyenda. Mukamatenga mphindi 8 pa kilomita, mtunda wanu mumaliza pa ola limodzi ndi mphindi 20, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino kwa woyamba.

Mai a Tadala
11 Ogasiti

Ine ndine namwino, ndiye ndiyankhula za mbali yanga. Asisi, musanayambe ndondomeko ya aPhiri, pitani mukayezetse BP ndi shuga, ngati n'kotheka ndi kuchuluka kwa magazi komwe. Anthu ambiri a msinkhu wathu akuyenda ndi BP yokwera osadziwa chifukwa siipweteka. Ikapezeka yokwera sikuti basi zothamanga zatha, koma a dokotala akuuzeni kaye poyambira. Amayi ambirinso timakhala ndi magazi ochepa, ndipo chizindikiro chake ndi chomwechi, kutha mpweya msanga ndi kugunda kwa mtima. Nyemba, bonongwe, chisoso, usipa, mazira, chiwindi mukachipeza, zimenezo zisasowe pa mbale. Tiyi musamwere limodzi ndi chakudya, amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi, dikirani papite ola.

Pali zinthu zimene mukazimva muime pomwepo, osalimba mtima: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kuona mdima, mtima kugunda modumphadumpha. Kuwawa kwa akatumba ndi ntchafu mawa lake n'kwachibadwa, kumatha pa masiku awiri kapena atatu. Koma kupweteka kobaya pamalo amodzi, pa bondo kapena pa msongolo, kokulirakulira mukamathamanga, kumeneko n'kofuna kupumira.

Chinanso, musazolowere kumwa brufen musanathamange kuti musamve ululu. Thupi likataya madzi ambiri padzuwa, mankhwala amenewo amalemetsa impso.

Bambo a Chiko
12 Ogasiti

Pepani abale, ndifunse mosapsatira, ndipo sindikunyoza. Nkhani ya mng'ono wanu yandikhudza, mkazi wanganso anadikirira ku malo otero. Koma n'chifukwa chiyani munthu avutike miyezi iwiri, agule nsapato, akwere minibasi, komiti igule madzi ndi kusindikiza ma T-shirt, m'malo mongosonkha ndalamazo n'kukagula matilesi mawa lomwe? Amayi akugona pansi usiku uno, sadikira Okutobala. Ndaonapo zochitika zotere zimene anthu anathamanga, zithunzi zinajambulidwa, ndipo patapita miyezi palibe anatiuza kuti ndalama zinakwana zingati ndipo zinagula chiyani. Ndikufuna kuthandiza, koma ndikufuna ndimve kaye.

Nangondo
12 Ogasiti

Bambo a Chiko, funso lanu ndi loyenera, ndipo ndine msungichuma wa komitiyi ndiye ndiyankhe ndine. Kusonkha tinayesa chaka chatha. Tinatumiza uthenga m'magulu onse a anthu akwathu, ambiri anayankha kuti tili limodzi, koma amene anatumizadi ndalama sanakwane khumi. Chaka chino wothamanga aliyense ali ndi pepala lake la malonjezo, ndipo akupempha yekha kwa anthu amene amamudziwa. Kunena zoona, mapepala amene abwera kale sabata imodzi yokha aposa zonse za chaka chatha.

Ndalama taziika pawiri. Yolembetsera ndi imene ikugula madzi, nthochi ndi manambala omata pa malaya. Ma T-shirt kulibe, tinakana pamsonkhano woyamba, aliyense avale chake. Ndalama ya malonjezo sitikhudza ngakhale tambala, ikubwera pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo Lamlungu lililonse ndiziika pagulu pano zimene zalowa. Sitikapereka ndalama m'manja mwa munthu. Tikagula katundu tokha, tikaika malisiti pano, ndipo tikapereka pamaso pa a komiti ya pachipatala, a mfumu ndi amayi odikirawo. Matilesi tikufuna okutidwa ndi chikopa cha pulasitiki kuti azipukutika, chifukwa a nsalu sachedwa kuwonongeka pamalo otere.

Si zachilendo m'dziko muno. A Nation Publications akhala akuchita Mother's Fun Run kwa zaka zambiri kuthandiza uchembere wabwino m'zipatala za m'maboma. Ife tangotengera pang'ono pa msinkhu wathu.

Achimwene a ku Manchester
12 Ogasiti

Ndiwonjezere pa zimene anena a Nangondo. Kuno kuli Great Manchester Run, makilomita 10, inayamba mu 2003, nthawi zambiri imachitika mu Meyi, ndipo anthu masauzande amathamanga atavala malaya a mabungwe othandiza odwala khansa, a mtima, ana amasiye ndi ena. Ine ndathamangapo kawiri. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu ukamuuza za vuto la anthu amene sakuwadziwa, amamva chisoni n'kupitiriza ntchito yake. Koma akamakuona iwe mnzake wa pa shifiti ukutsimphina Lolemba chifukwa cha mtunda wa Loweruka, amafunsa yekha kuti ukuvutikiranji, ndipo mpamene umamufotokozera za simenti ija. Amene anandipatsa ndalama zambiri anali anthu amene ankandiona ndikusintha nsapato pa nthawi ya nkhomaliro.

Kuno kulinso mwayi wa Gift Aid, boma limawonjezera 25p pa paundi iliyonse imene wokhoma msonkho wapereka ku bungwe lolembetsedwa. Kumudzi kulibe zimenezo, ndiye mphamvu yanu ndi pakamwa panu ndi pepala lanu. Achemwali a Nachisale, musamapemphe kuti "ndithandizeni ndi kangachepe". Nenani kuti "mundipatsa zingati pa kilomita iliyonse?" Munthu akati K500 pa kilomita, walonjeza K5,000 ndipo azikufunsani mmene zikuyendera. Ine ndilembeni K10,000 pa kilomita.

Bambo a Chiko
12 Ogasiti

Ndamva, makamaka pa malisiti ndi kukana ma T-shirt. Maganizo anga oti amayi akufunika matilesi lero sanasinthe, ndiye ndigula limodzi sabata ino ndikasiye ndekha kwa a Nangondo. Pa pepala la a Nachisale mundilembe K1,000 pa kilomita.

Nachisale wa ku 25
24 Ogasiti

Ndabweranso abale. BP anandiyeza ili bwino, magazi anati achepa pang'ono ndipo andipatsa mapiritsi. Ndatha masabata awiri osadumphitsa tsiku. Lero ndathamanga mphindi zitatu osaima, kasanu, ndipo chigayo chija ndachidutsa ndikuyankhula ndi mwana wanga wamkulu amene amandiperekeza pa njinga. Pepala langa lili ndi mayina 14, ambiri ndi aphunzitsi anzanga.

Mavuto ndi awiri. Nsapato ndikuvala zansalu zopyapyala zija, misongolo ikuwawa ndipo chala chachikulu chatuluka thuza. Vuto lachiwiri ndi anthu. Ndikamadutsa pa siteji ya akabaza pamakhala mawu, ena oseka, ena oti sindingawalembe pano. Lachinayi ndinabwerera panjira, ndinakamalizira kuzungulira nyumba.

Jere wa nsapato
24 Ogasiti

Mayi, pa nsapato ndiyankhe ine chifukwa ndi geni yanga. Musavutike ndi zatsopano za m'mashopu zonyezimira zija, zambiri ndi zongotchenera, pansi pake ndi polimba ngati thabwa. Pitani pa kaunjika, ku Tsoka zimapezeka zothamangira zenizeni. Mupite masana kapena madzulo pamene phazi lafufuma, mutatenga sokosi zimene muzivala pothamanga. Mukavala, kutsogolo kwa chala chachitali kuzitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja, ndiye kuti nthawi zambiri mumakwera saizi imodzi kuposa ya nsapato za kuntchito.

Itembenuzeni muone kunsi. Ngati chidendene chadyeka mbali imodzi, isiyeni, mwini wake woyamba anaipindira ku mayendedwe ake ndipo ikupwetekani bondo. Dinani ndi chala pa siponji ya pakati, izibwerera. Ipindeni, izipindika kutsogolo kumene zala zimapindikira, osati pakati. Muvale zonse ziwiri n'kudumpha pomwepo, wogulitsa wabwino sakana. Ndipo mugule sabata ino, kuti pofika Okutobala zikhale zitazolowerana ndi phazi. Sokosi pewani za thonje lokhalokha, zimasunga thukuta n'kubweretsa matuza. Pa thuzalo musaboole, ikani pulasitala, ndipo muzipaka Vaseline pa zala ndi m'mphechepeche musananyamuke.

Nabanda
24 Ogasiti

Asisi, za pa siteji zija zandiwawa chifukwa ndinadutsamo. Ine ndimakhala ku Chilinde, ndakhala ndikuthamanga zaka zinayi. Miyezi yoyamba ndinkalira ndikafika kunyumba. Chimene chinandithandiza ndi kusakhala ndekha. Ndinapeza amayi awiri a m'dera lathu, tinayamba kunyamuka kukangoyera, ndipo anthu omwe ankakuwa aja akaona atatu amangoti mwadzuka bwanji. Pano ena mwa akabazawo ndi amene amatichenjeza kukakhala galu wolusa kutsogolo. Koma usiku kusanache musatuluke nokha, ndipo foni muziibisa m'kathumba ka m'chiuno.

Ngati pasukulu panu pali bwalo la mpira, gwiritsani ntchito limenelo masiku ena. Bwalo lalikulu bwino kulizungulira kamodzi ndi pafupifupi mamita 350, katatu mwadutsa kilomita. Dothi ndi udzu zimachitiranso chifundo misongolo kuposa tala. Pa msewu muziyenda mbali yoyang'anizana ndi magalimoto kuti muziwaona akamabwera.

Ndipo pakati pa ife amayi, bra yothamangira ndi yofunika ngati nsapato, pa kaunjika pomwepo imapezeka. Ine ndimavala taiti ndi T-shirt yaitali, mnzanga amamanga kachitenje kopinda pamwamba pa taiti ndipo sikamusokoneza. Amene akuona ngati mkazi kuthamanga n'zachilendo aiwala kuti Catherine Chikwakwa anaimira dziko lino ku Olympics mu 2000 ndi mu 2004. Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ndidzathamange nanu, tidzadutse pa siteji pomwepo.

aPhiri a ku Joni
25 Ogasiti

Za misongolo, kuwonjezera pa nsapato, fupikitsani mapazi. Oyamba ambiri amatambasula mwendo kutsogolo n'kugwera pa chidendene mwamphamvu. Tizimapazi tating'onoting'ono, phazi lizitera pansi pa thupi. Ndipo popeza ku Dowa n'kwa zitunda, kamodzi pa sabata pezani kamtunda kokwera, mukwere mphindi imodzi, mutsike mukuyenda, kanayi kapena kasanu. Ikaninso Strava, pulogalamu yoyezera mtunda, pa foni. Poyeza mtunda siidya bandulo, imagwiritsa GPS, bandulo imafunika potumiza pokha.

Nachisale wa ku 25
17 Seputembala

Abale, zandivuta. Loweruka ndinakwanitsa makilomita 6 ndi a Nabanda, ndinasangalala kwambiri. Lolemba usiku thupi linayamba kuphwanya, mutu, kunjenjemera. Dzulo andipeza ndi malungo, ndayamba LA. Ndagona pano ndikuwerenga masiku, atsala 24. Pepala langa lafika mayina 31 ndipo onsewo analonjeza pa makilomita 10. Ndikuganiza zoti ndikangomaliza mankhwala Lachisanu, Loweruka ndibwerere pa msewu kuti ndisataye zimene ndapeza.

Mai a Tadala
17 Seputembala

Ayi asisi, Loweruka limeneli ayi. Malizani LA yense, masiku atatu, kawiri pa tsiku, ndipo muzimwera chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono kapena mkaka kuti agwire bwino ntchito. Malungo amaphwanya maselo ofiira a magazi, amene amanyamula mpweya, ndipo inu magazi anali ochepa kale. Kutentha thupi kukatha mumamva ngati mwachira, koma mkati thupi likadali kumanga. Mupume sabata yathunthu chimalizireni mankhwala, kenako muyambe ndi kuyenda. Mukaona kuti kuyenda kwa mphindi 30 sikukubweretsa chizungulire kapena kugunda kwa mtima, mpamene muyambe kuthamanga pang'ono. Ine ndikanakonda mutsikire ku makilomita 5. Amene analonjeza aja akumvetsani, palibe amene akufuna kuti mukagwe pa msewu chifukwa cha matilesi.

aPhiri a ku Joni
18 Seputembala

Pa kupuma ndikugwirizana ndi a namwino kwathunthu. Pa kutsikira ku 5 ndikuti tidikire kaye. Masiku khumi opuma sachotsa ntchito ya masabata asanu, miyendo imakumbukira. Chimene chingakuvulazeni ndi kufuna kubweza masiku otayika powunjika mitunda. Mukabwerera, yambirani pamene munali masabata awiri m'mbuyo. Ngati pofika pa 1 Okutobala mutakwanitsa makilomita 7 mosakaniza, mphindi zinayi kuthamanga, imodzi kuyenda, n'kudzuka bwino mawa lake, ndiye 10 mumaliza. Zikakanika, tsatirani mawu a Mai a Tadala popanda kudandaula.

Achimwene a ku Manchester
18 Seputembala

Lonjezo langa silisintha kaya muthamanga 10, kaya 5, kaya mukangoima pa mzere womalizira kugawa madzi. Chirani kaye achemwali.

Nachisale wa ku 25
5 Okutobala

Ndinamvera. Ndinapuma, ndinayambira kuyenda, ndipo Lachinayi ndinakwanitsa makilomita 7 monga ananenera aPhiri. Lachisanu ndinabwerera kuchipatala, anandiyeza, ati ndikhoza kupita koma ndisalimbane ndi dzuwa. Ndikhala pa 10. Sabata yomalizayi nditani? Kutentha kwayamba kale, dzulo 8 koloko m'mawa kunali ngati masana.

Nabanda
5 Okutobala

Sabata ino ntchito yatha asisi, chatsala n'kusunga mphamvu. Lachiwiri mphindi 25 pang'onopang'ono, Lachinayi mphindi 15, Lachisanu osathamanga. Chakudya cha Lachisanu madzulo chikhale chimene mimba yanu imachidziwa, nsima kapena mpunga ndi ndiwo zopepuka. Nyemba, kabichi ndi tsabola zidikire Loweruka masana. M'mawa wake mudye maola awiri musanayambe, kaphala pang'ono kapena mbatata yophika ndi nthochi, osakhuta. Chilichonse chatsopano, kaya sokosi, kaya chakumwa chopatsa mphamvu chimene wina akupatseni pa mzere, chikaneni.

Poyambira aliyense adzanyamuka ndi liwiro chifukwa cha chisangalalo ndi ng'oma. Asiyeni apite. Kilomita yoyamba ikhale yochedwa kuposa zonse, ambiri a iwo mukawapeza akuyenda pa kilomita yachinayi.

Mai a Tadala
5 Okutobala

Madzi muyambe kumwa bwino kuyambira Lachinayi, mkodzo uzioneka woyererako. Pa tsikulo muzimwa pang'onopang'ono pa malo aliwonse a madzi, osagugudiza botolo lonse, chifukwa madzi ochuluka kwambiri opanda mchere nawonso amadwalitsa. Mukamaliza imwani Thanzi, kapena sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Chipewa musaiwale. A Nangondo, chonde muyambe 6 koloko yeniyeni. Malankhulidwe a alendo olemekezeka abwere anthu atamaliza, chifukwa mu Okutobala ola limodzi lochedwa ndi limene limagwetsa anthu. Ine ndibwera ndi bokosi la chithandizo choyamba ndipo ndikhala pa kilomita ya 7.

Nachisale wa ku 25
11 Okutobala

Ndamaliza abale. Ola limodzi ndi mphindi 26. Ndikulemba ndili pakhonde kwa amayi, mapazi ali m'beseni.

Tinafika dzulo madzulo ndi a Nabanda. Tulo sindinatione bwino, 4 koloko ndinali maso, amayi atandiphikira kale phala. Tinayambira pa bwalo la sukulu 6 koloko itangodutsa pang'ono. Anthu ananyamuka monga munanenera, anyamata ena opanda nsapato anangoti fumbi kobo, ine ndinatsala kumbuyo ndi amayi anayi ndi bambo wina wachikulire. Mtima unkandiuza kuti ndithamangire anzanga, koma a Nabanda ankayang'ana wotchi n'kumati mphindi zinayi zakwana, tiyende. Makilomita atatu oyamba anadutsa ndisakuwamva. Tinadutsa m'minda yotentha kale, anthu akusosa, ana akutithamangira m'mbali n'kumawerenga manambala a pa malaya athu mokweza.

Pa kilomita yachisanu, pamene a mtunda waufupi ankamalizira mtunda wawo, ndinawasirira kwambiri. Dzuwa linali litakwera ndipo m'nthiti kumanja munayamba kubaya. Ndinayenda mphindi ziwiri ndikupuma mozama dzanja lili pamenepo, kunatha. Kenako chitunda cha pa dambo chija, chimene ndili mwana tinkakwera ndi ndowa pamutu. Sindinayese n'komwe kuchithamanga, ndinachiyenda chonse manja ali m'maondo. Pamwamba pake ndinapeza Mai a Tadala, tinali tisanaonanepo maso ndi maso. Anandigwira pa mkono kumva kugunda kwa mtima, anandiyang'ana m'maso, anandifunsa dzina la mwana wanga wotsiriza kuti amve ngati mutu uli bwino, kenako anandithira madzi m'khosi n'kuti pitani.

Kilomita ya 8 ndi imene inali yowawa. Miyendo inalemera ngati ndamangirira njerwa, thuza lija linaphulika, ndinkamva sokosi ikunyowa. Ndinasiya kuyang'ana kutsogolo, ndinkangosankha mtengo wa mango umodzi, ndikaufika ndisankhe wina. Ndinayamba kutchula mayina a pa pepala langa mmodzimmodzi, aphunzitsi anzanga, amayi ogulitsa tomato pa msika wathu amene analonjeza K200 pa kilomita, mnyamata wa kabaza wa pa siteji ija amene anandiimitsa sabata yatha n'kundipatsa K1,000.

Njira anaikonza kuti kilomita yomaliza idutse kutsogolo kwa chipatala. Sindinkadziwa kuti amayi a ku chidikiro atuluka. Anali ataima m'mbali mwa msewu, ena atagwira m'chiuno, ena atakhala pa zitenje pansi pa mtengo, akuimba ndi kululutira aliyense wodutsa. Pakati pawo panali mng'ono wanga, mwana uja ali kumsana. Anandithamangira, anathamanga nane mwina mamita 50 atavala patapata, akungoti achemwali, achemwali. Kuchoka pamenepo sindinayendenso mpaka pa mzere. Ndinalira, ndipo a Nabanda analira nane.

Kumbuyo kwanga kunatsala anthu asanu ndi mmodzi, ndipo tonse tinadikira mpaka bambo achikulire aja atafika, ana asukulu atawazungulira. Palibe amene anagwa. Zikomo aPhiri, a Jere, nonse. Nsapato zija zandisunga.

Nangondo
12 Okutobala

Anamaliza ndi anthu 83, a makilomita 10 anali 37. Pepala la a Nachisale linali ndi mayina 38, ndipo 29 atumiza kale. Otsalawo tikupempha pofika Lachiwiri, chifukwa Lachitatu pa 15 tikufuna tikapereke gawo loyamba. Matilesi tagwirizana kale ndi wogulitsa, malisiti ndiika pano tikangolipira. A zamba atipempha kuti nyali imodzi tikaike panjira ya ku bafa, ndiye tasintha pang'ono ndondomeko. Tikusowa galimoto yonyamulira katundu kuchoka m'tauni, amene ali ndi pikapu atiuze.

Bambo a Chiko
12 Okutobala

K10,000 yanga ndatumiza pa Mpamba m'mawa uno, a Nangondo muone. Pikapu ndili nayo, mafuta ndithira ndekha, Lachitatu ndinyamuka 6 koloko. A Nabanda, gulu lanu la m'mawa lija limalandira abambo a zaka 50? A dokotala akhala akundiuza za BP kuyambira chaka chatha.

Nabanda
12 Okutobala

Limalandira bambo. Koma muyambe mwakaonana ndi a dokotalawo muwauze zimene mukufuna kuchita. Akakulolani, Loweruka pa 18 tikumana hafu pasiti 5, mubwere ndi madzi ndi chipewa. Tiyamba ndi mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda. A Nachisale, inu sabata ino mupume, thuzalo lipole kaye.